Mphete ya Amayi ndi Tambala wa Kubafa

Scarborough,
5 Meyi 2024

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kuno tadzuka, chisanu chatha ndipo mitengo yayamba kuphuka. Ndalemba pamanja potsata lamulo lanu lija loti nkhani ya ukwati sakambira pa foni ngati mtengo wa mbatata. Pepalali ndilijambula n'kutumiza kwa a Bakari a shopu ya mafoni kuti akuonetseni. Zolemba zanga mukuzidziwa, ndi nkhuku yopalasa, mupirire.

Tsiku ladziwika. Tony ndi Sungeni amanga ukwati pa 20 Julayi, ku tchalitchi cha makolo a mtsikanayo ku Hamilton. Khalani pansi musanawerenge izi: Tony wasankha ine kukhala besitimani. Ndinamufunsa ngati anzake onse a kuofesi ku Markham anatha, iye akuti ayi, akufuna mkulu wake. Ndinaseka, koma kunena zoona mtima unandiwawa mokoma. Amayi akanakhalapo akanaimba nthungululu.

Ntchito yake ndaifufuza. Ndiyenera kuona kuti suti yamukwana, kumufikitsa kutchalitchi nthawi yabwino, kusayina ngati mboni, ndi kulankhula kumadyerero. Kuno akuti besitimani amayenera kuseketsa anthu ndi nkhani za mkwati, ndiye apo musadandaule, munda ndi wanga. Chachikulu ndi kusunga mphete. Ija ya malemu amayi, imene munamupatsa Tony tsiku lonyamuka, aichepetsa kuti ikwane chala cha Sungeni, ndipo ili m'manja mwanga.

Chotsala ndi inuyo. Bambo Namaona, atate ake a Sungeni, anena mosapsatira kuti mwana wawo salowa m'tchalitchi asanaone nkhoswe ya kuchimuna ndi maso awo. Chinkhoswe achiika Loweruka lotsogolera ukwati. Za chiphaso chanu cholowera ku Canada kuno zili pati? Tiuzeni msanga, tikonze pogona.

Ine mphwanu,
Fredrick

Kampepuza, Ntcheu,
19 Meyi 2024

Mphwanga Fredrick,

Moni. Ife tilipo, kupatula bondo langa lakumanja limene layamba kukana kupalasa makina. Mvula chaka chino inatinamiza, koma sitinafe.

Nkhani yoipa saizungulira. Chiphaso andikana. Akuti sindinawakhutiritse kuti ndikabwerera kuno. Ine telala wa pakhonde pa Kampepuza zaka zonsezi, ndisiye makina anga kuti ndikatole chisanu kwa eni ake? Suti ndinali nditasoka kale, yotuwa, ya mabatani atatu. Yangokolekedwa pa msomali, ndipo ndikaiyang'ana chakudya sichilowa. Mlongo wanga anandisiyira ana awiri, ndipo woyamba kukwatira ndilephera kukamuimira.

Ndikudziwa zomwe zayamba kale kuyenda m'mutu mwakomo. Usandipemphe kuti uime m'malo mwanga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ubesitimani ndi chovala cha tsiku limodzi, madzulo umavula. Unkhoswe savula. Banja likayaka moto patapita zaka khumi, amadzutsa iweyo. Iwe sunakwatire n'komwe, ndipo sindinaiwale kuti pa maliro a agogo ako unaseketsa adzukulu mpaka khasu linagwera m'dzenje.

Za kuseketsa anthu kumadyererozo sizinandisangalatse. Pamaso pa apongozi samuvula munthu. Makamaka usadzayerekeze kutchula zoti Tony ali mwana anathamangitsidwa ndi tambala wa kwa aneba mpaka anakakwera pa nkhokwe. Mpaka lero mnzakoyo akaona lipombo amatuluka thukuta, ndipo ukudziwa.

Uwapepesere bambo Namaona m'dzina langa, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Undiyankhenso funso ili: mayi ake a mtsikanayu kwawo n'kuti? Ali ndi alongo awo amoyo?

Malume ako,
Laban Kadzamira

Scarborough,
9 Juni 2024

Okondedwa Amalume,

Pepani ndi bondolo, pepaninso kwambiri ndi chiphasocho. Tony atamva anangotuluka panja.

Munandiletsa kuima m'malo mwanu, ndipo sindinaime. Koma ndinaganiza kuti kupepesa chimanjamanja n'kwachibwana. Ndinabwereka galimoto, ndinapita ku famu ina kuseri kwa Hamilton, ndinagula tambala wamoyo, wofiira, wa maso ngati wapolisi. Ndimati akaona tambala wa chinkhoswe adziwa kuti kwathu kuli anthu odziwa mwambo.

Bambo Namaona anandilandira bwino, tiyi ndi zonse. Ndinapereka mawu anu, kenako ndinatsegula katoni. Anamuyang'ana tambalayo nthawi yaitali, n'kuti, "A Fredrick, mwachita bwino kubwera. Koma tambala sayankha mlandu."

Ndinayesa kunena kuti mukhoza kulankhula nawo pa vidiyo. Anapukusa mutu.

"Mkulu wake wa Sungeni, Lilian, anakwatiwa konkuno," anatero. "Kunali maluwa, keke yosanjikiza, besitimani woseketsa kwambiri. Nkhoswe kunalibe. Banja litavuta ndinasowa khomo logogoda. Besitimani uja anali atasamukira kwina, nambala atasintha. Mwana wanga ndinakamutenga ndekha ndi zikwama zake. Sindibwerezanso. Ndikufuna munthu, osati chithunzi cha pa foni."

Amalume, nthabwala zonse zinandithera. Munthuyu si wouma mtima, ndi wamantha, ndipo mantha akewo ali ndi chifukwa. Anamaliza ndi kunena kuti Tony akaumirira, iwo kutchalitchi sadzapondako.

Tambala ndinabwerera naye. Akafamu akuti chogulidwa sichibwezedwa, ndipo kumupha ndikuona ngati ndikupha ukwatiwo. Ndiye akukhala kubafa kwanga, nsanjika ya khumi ndi chinayi, m'katoni yofunditsa bulangete kuti asadziwe kuti kwacha. Amadziwabe. Mayi wa khomo loyandikana nane wandifunsa kuti alamu ya foni yangayo ndinaitenga kuti.

Za funso lanu lija, mayi Namaona kwawo ndi ku Luchenza. Mlongo wawo wamkulu, a Harry, akuti ali ndi chigayo pafupi ndi msika. Koma izo n'zakutali, moto uli kuno. Chonde alembereni bambo Namaona kalata ya m'manja mwanu, mwina mawu a munthu wamkulu angawafewetse.

Ine mphwanu,
Fredrick

Markham,
20 Juni 2024

Amalume,

Moni. Kulemba pamanja ndinaiwala, mukhululuke.

Ine ndatopa. Holo tinabuka kalekale, makadi anapita, anthu atenga kale ofu kuntchito. Sungeni akungolira. Adadi ake akutiona ngati ndife anthu otoledwa pamsewu chifukwa tilibe bambo ndi mayi. Kodi umasiye ndi mlandu? Chiphaso ndinakaniza ndine?

Ndaganiza zopita ku City Hall, kuli ngati kwa DC kwathuko. Mboni ziwiri, kusayina, basi. Sungeni wavomera. Amene akufuna kukwiya adzakwiye ife tili kale pabanja.

Vuto ndi achimwene. Ndinapita kukatenga mphete, akana. Akuti besitimani amapereka mphete abusa akaitanitsa, osati mkwati akapsa mtima. Akananso kusayina. Mpheteyo ndi ya amayi anga inenso, ndipo akudziwa kuti sindingamuveke Sungeni ina. Ndasecha nyumba yawo yonse iwo atakhala pa sofa akudya mtedza, m'masuti, m'nsapato, ngakhale mufiriji. Kubafa kokha sindinalowe chifukwa akusungako chilombo chawo chija. Tinalankhulana mawu oipa. Ndawauza kuti ubesitimani ndawalanda.

Inu amakumverani. Auzeni andipatse mphete. Munanena nokha kuti munthuyu ndi wachibwana, lero ndavomereza.

Tony

Scarborough,
27 Juni 2024

Okondedwa Amalume,

Kodi muli moyo? Kalata yanga ija simunayankhe. Ndaimbira a Bakari, akuti makina anu ndi ofunditsa nsalu ndipo kunyumba akungoti mwachokapo. Ngati muli kuchipatala ndi bondolo, musatibisire. Ngati mwakwiya ndi za tambala zija, ndikalipireni, kukalipa kwanu ndinakuzolowera. Chete wanuyu ndiye akundidwalitsa.

Ndikudziwa kuti Tony wakulemberani. Zonse wanenazo n'zoona. Sakundiyankha foni, ndipo suti yanga ya ubesitimani ndamva kuti akufuna kuipereka kwa mnzake wa kuofesi, wamfupi ngati mtondo. Aipinde miyendo, ine zilibe kanthu.

Chimene Tony sakudziwa ndi ichi. Lachiwiri Sungeni anandipeza kuntchito, kunyumba ya okalamba kuja, nthawi ya nkhomaliro. Mwana uja anabadwira konkuno, Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma tsiku limenelo anachikakamira. Anati, "Achimwene, mphete musapase Tony. Ine ndinavomera chifukwa iye akumva kuwawa. Koma ndikufuna adadi agwire dzanja langa." Atatero analira, inenso ndinayang'ana kudenga ngati pali chimene ndataya kumeneko.

Ndiye ndagwira pamenepo. Koma ndikuuzeni zoona, ndili ndi mantha. Tony akhoza kugula mphete ina m'sitolo mawa lomwe, n'kutola mboni ziwiri pa basi. Akatero Sungeni wataya atate ake, ine ndataya mng'ono wanga, ndipo zonsezo zidzakhala pamutu panga. Sindinapemphe ntchito imeneyi. Ndimayesa ubesitimani ndi kuvina ndi kujambulitsa.

Ndikafa mwadzidzidzi wina adziwe: mphete ili m'chitini cha chimanga cha tambala, kubafa, yokulunga m'kansalu. Ndi malo okhawo mu Canada muno amene Tony sangafikepo. Munandiletsa kutchula nkhani ya pa nkhokwe ija pagulu, koma simunandiletse kuigwiritsa ntchito.

Yankhani, Amalume, ngakhale mzere umodzi.

Ine mphwanu,
Fredrick

Kampepuza, Ntcheu,
5 Julayi 2024

Fredrick ndi Tony,

Kalata iyi ndi ya nonse awiri. Muiwerenge mutakhala pampando umodzi, ndipo amene akane ndidzamva.

Sindinadwale, sindinakwiye. Ndinali ku Luchenza. Inu ana mwakhalitsa kunja mpaka mwaiwala kuti kwathu kuno mwini mbumba ndi malume. Bambo Namaona ndi bambo, ulemu wawo ulipo, koma mawu omaliza pa Sungeni ali ndi mlongo wa mayi ake. Nditawerenga za chigayo cha a Harry ndinatsitsa suti ija pa msomali, ndinagwira tambala wanga wakuda, ndinakwera minibasi. Sindinakuuzeni chifukwa akanandikana mukanalira kawiri.

Ndinapeza a Harry atapita ku Mozambique kukasaka chimanga. Ndinati sindibwerera. Akazi awo anandipatsa mphasa, ine ndinawakonzera makina awo akale amene ankadumpha ulusi, ndipo pofika mwini wakeyo ndinali nditasokera theka la mudzi. A Harry ndi munthu wamfupi, wa ufa m'nsidze, wosathamangira kuyankha. Anaitanitsa mbumba yonse. Anandifunsa za Tony ngati wofunsira mbeta ndine: amamwa? amapemphera? akakwiya amatani? Funso lomalizalo ndinayankha kuti amatuluka panja. Ndikanawerenga kaye kalata yako, Tony, ndikanachita chibwibwi.

Lamulungu lapitali tinakhala pansi. Ine ndinapereka tambala, iwo anapereka thadzi, tinadyera mbale imodzi anthu akuona. Suti inagwira ntchito yake. Kenako a Harry anaimbira alamu awo ku Hamilton ine ndili pomwepo. Anati, "Alamu, nkhoswe ya kuchimuna ndaiona ndi maso anga, yagona pakhomo panga, nkhuku tadya. Mwanayo mulekeni akwatiwe."

Bambo Namaona anathokoza, koma anafunsa funso lolemera. Anati, "Ndamva, alamu. Koma Ntcheu n'kutali. Zikavuta kuno, ndikagogoda pati?" Ndinapempha kuti ndikayankhe ndikafika kwathu. Mumsewu monse ndinkawerenga anthu a ku Canada amene ndimawadziwa, ndipo sanakwane ngakhale dzanja limodzi.

Nditafika, a Bakari anandionetsa makalata anu awiri. Ndinawerenga ya Tony, ndinagwira kumutu. Ndinawerenga ya Fredrick, ndinaseka za chitini cha chimanga mpaka anthu anasuzumira m'shopu, kenako misozi inangoyamba yokha, a Bakari n'kundikokera mpando.

Fredrick, ndinakutcha kandimverere. Mawu amenewo ndawabweza. Nkhoswe ndi munthu amene amakana m'bale wake zinthu zikatentha, n'kulola kudedwa kuti banja lipole. Iwe wachita zimenezo ukwati usanayambe n'komwe, popanda wokutuma. Ine ndikhala nkhoswe wamkulu kuno. Nkhoswe wamng'ono, wa pafupi, ndiwe. Ndawaimbira kale bambo Namaona kuwauza, lamulo langa la foni ndaliphwanya ndekha. Anafunsa kuti, "Uja wa tambala?" Ndinati yemweyo, ndipo ndinawafotokozera chimene tambalayo wakhala akulondera. Avomera.

Tony, umasiye si mlandu, ndipo palibe anakutola pamsewu. Uli ndi ine, uli ndi mkulu wako. Pita ukamupepese, umubwezere suti yake. Kuthamanga sikufika.

Malume anu,
Laban Kadzamira

Scarborough,
29 Julayi 2024

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira bondo lapepuka pambuyo pa ulendo uja. Zithunzi a Bakari akuonetsani, koma zithunzi sizinena zonse, ndiye khalani bwino pa mpando.

Kalata yanu tinawerengadi pampando umodzi. Tony anabwera nkhope ili gwa, anakhala kumapeto kwenikweni kwa sofa. Pofika pa mawu oti palibe anamutola pamsewu, anali atatsamira paphewa panga. Atapepesa anafunsa kuti mphete ili kuti. Ndinamulozera kubafa. Anati, "Achimwene, ndinu mfiti," ndipo tinaseka mpaka tambala anayankhira.

Chilombocho chinathera ku Hamilton. Bambo Namaona anati tibwere nacho Loweruka lija la chinkhoswe. Kuchikazi anaimika mayi Olivia, msuweni wa mayi Namaona, kukhala nkhoswe wawo wa pafupi. Iwo anandipatsa thadzi, ine ndinapereka tambala, ndipo ntchito ya mpeni inachitikira m'galaja zitseko zili zotseka. Tambalayo anali wolimba ngati tayala, koma Tony anadya ntchafu zonse ziwiri, akuti akubwezera za pa nkhokwe. Mayi wa khomo loyandikana nane uja akuti nyumba yazizira, alamu ija aisowa.

Tsiku la ukwati ndinagwira ntchito yanga yonse. Tony ndinamudzutsa, ndinamumanga tayi, ndinamufikitsa kutchalitchi abusa asanafike. Chitseko chitatseguka, Sungeni analowa atagwira mkono wa atate ake. Mkuluyo ankayenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza ndowa. Abusa ataitanitsa mphete ndinapisa m'thumba, ndinapereka. Inkanunkhirabe chimanga pang'ono. Tony poilandira anandinong'oneza kuti, "Zikomo pondikaniza." Mphete ya mlongo wanu ili pa chala chabwino, Amalume. Apo ndiye ndinapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira mwezi wa Meyi.

Kumadyerero anthu ankadikira nthabwala, ena atakonzeka kale kuseka ndisanatsegule pakamwa. Ndinali nazo zambiri, zina zabwino kwambiri, ndipo zinandiwawa kuzisiya. Ndinangoti, "Ine ndine Fredrick, mkulu wake wa mkwati. Suti iyi ndivula madzulo ano, koma ntchito inayi sindivula. Ndimakhala ku Scarborough, khomo nambala 1408. Sindisamuka osakuuzani, nambala ya foni sindisintha. Zikavuta, gogodani." Ndinabwereza m'Chingerezi kuti ana obadwira kuno amve. Anzake a Tony a kuofesi anayang'anana, akudabwa kuti nthabwala yake ili pati. Koma bambo Namaona anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali, ndipo Lilian, mkulu wake wa Sungeni uja, ndiye anayamba kuomba m'manja. Pambuyo pake ndinavina mpaka msoko wa thalauza unatseguka. Mukanakhalapo mukanandisokera pomwepo, mukundikalipira.

Za kukwatira kwanga musayambe, ndamva kale kwa mayi Olivia, amene akuti ali ndi mayina atatu a mbeta zondiyenera.

Ndimalize ndi za dzulo. Nditangobwera kutchalitchi, ndisanavule nsapato, ndinamva kugogoda. Nditasuzumira pa kabowo ka chitseko ndinaona bambo Namaona, chipewa chili m'manja. Ndinati sabata imodzi yokha, Tony wachita chiyani? Ndinatsegula.

"Bambo, kwagwanji?"

"Palibe chagwa, ankhoswe," anatero. "Ana ali bwino, andiimbira m'mawa. Ndakwera sitima ndi mabasi awiri kuti ndidzangoona ngati khomoli limatsegulidwa."

Ndinawauza kuti alowe, ndinateleka madzi a tiyi.

Ine mphwanu,
Fredrick